Phala la Kudimba

Ndinawapeza ngati akuba, koma chimene ankabacho sindinachimvetse msanga.

Unali mwezi wa Juni, nthawi imene chisanu cha ku Bembeke chimaluma mpaka m'mano. Ndinkatsika kanjira ka m'madimba, thumba langa la zomatira zidebe ndi mapoto lili paphewa, kuti ndidule njira yopita kumudzi umene ndinkauona kutsidya kwa dambo. Pakati pa mizere ya mbatata ya kachewere panali kachisakasa kaudzu, utsi ukufuka pang'ono padenga. Pakhomo pake panakhala mwamuna wina atakhazika mwana pantchafu, kasupuni kali m'manja. Mkazi anaima poteropo pachulu, maso ali kumudzi, ngati munthu wolonda anyani m'munda. Tsoka lake iye ankalonda kumudzi, ine ndinatulukira kumbuyo kwake.

"Odi kuno!"

Mwamuna uja anabisa supuni kumbuyo. Mkazi anatsika pachulu chothamanga, kumulanda mwanayo, kumuponya kumsana, chitenje n'kumanga. Mwana anayamba kulira, phala lili pachibwano.

"Pepani eni dimba," ndinatero. "Ndine wodutsa chabe. Ndimamata zidebe."

"Mwachokera kumudziku?" anafunsa mkaziyo.

"Kumudziko sindinafikeko. Ndachokera kumsewu."

Anayang'anana, onse awiri n'kuusa moyo. Mwamuna anaseka mwamanyazi, nati, "Mubwezeni kuno, amake Pilira, asanaiwale zoti amadya." Kenaka anandilozera kheni lake lothirira mbewu, limene linkadontha pansi pake. Ndinakhala pansi n'kuyamba ntchito. Munthu amene wabisa nkhani kwa abale ake amaitula mosavuta kwa mlendo amene mawa adzakhala atapita. Ndisanamalize kumata khenilo, nkhani yonse inali itatuluka.

Mwamunayo dzina lake anali Vinsenti, kwawo ku Kasina. Anabwera kuno kudzakhala chikamwini atakwatira Jestina, ndipo Pilira ndiye anali mwana wawo woyamba. Kwa miyezi isanu ndi umodzi mwanayo ankangoyamwa basi, ndipo ananenepa mpaka amayi a kusikelo ankamutcha kathumba ka feteleza. Mavuto anayamba tsiku limene anayamba phala.

M'banja limenelo phala loyamba sankapereka mayi wa mwana. Inali ntchito ya a Magadalena, amayi ake a Jestina, amene anabereka ana asanu ndi atatu n'kuwadyetsa onse ndi dzanja limodzimodzi. Njira yawo inali imene anaiona kwa amayi awo. Ankatenga ufa woyera n'kuphika phala lamadzimadzi, loti ukhoza kudziyang'anira nkhope m'mbale. Mwana ankamugoneka chagada pamiyendo, timanja take atatipanikiza, kenaka n'kupinda chikhato chawo pakamwa pake ngati kachikho, n'kumathira phala pamenepo. Mwana akati atsegule pakamwa kuti alire, phala lalowa. Akati apume, ameze kaye. Mbale ikatha, kamimba kali ndii, a Magadalena ankati, "Wakhuta mdzukulu wanga." Pakangopita kanthawi mwana wabweza theka, theka linalo wakodza.

Pilira anafika poti akangoiona mbale yobiriwira ya pulasitiki imene ankadyetseramo, ankaumitsa thupi ngati chipika n'kuyamba kukuwa. Jestina anayesa kunena zimene anamva kwa alangizi a zaumoyo, zoti phala la mwana lizikhala lolimbirako, la mgaiwa, lothira nsinjiro, loti ukapendeketsa supuni lisathamangire kugwa.

"Ukufuna umutseke matumbo mwana?" anamuyankha amayi ake. "Alangizi akowo abereka angati? Iweyo unakula ndi phala liti?"

Kunena zoona, Jestina anakuladi nalo.

Pa sikelo ya Meyi, mzere wa m'kabuku ka Pilira sunakwere. Pa sikelo ya Juni, unaweramira pansi. Masaya aja anaphwa, tsitsi linayamba kupyapyala n'kufiirira. Pamenepo a Magadalena anatchula poyera mawu amene anthu ankangonong'onezana pamjigo: tsempho. Amati bambo akagona ndi mkazi wina kunja, n'kubwera kudzagwira mwana wake wamng'ono, mwanayo amafota ngati mmera umene mbozi yaudya kumizu. Ndipo Vinsenti mwezi wa Epulo anali atapita ku Lilongwe pa lole ya kachewere, n'kukagona masiku anayi kumsika kudikira kuti matumba athe.

"Masiku anayi ndinkagona pamwamba pa matumba, nditafunda lona," Vinsenti anandiuza. "Ngati pali amene ndinagona naye, achikulire, ndi udzudzu."

Mlandu unakambidwa pabwalo la a Anselmo, malume ake a Jestina, amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo. Mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana maso ndi maso, choncho a Magadalena anakhala kuseri kwa nkhokwe, Vinsenti pansi pa mtengo wa pichesi, mawu n'kumadutsa mwa a Anselmo, ngakhale aliyense ankamva bwinobwino zonena mnzake.

"Achimwene, auzeni akamwini anuwo aulule. Akaulula, mankhwala agwira."

"Akuti muulule."

"Amalume, auzeni amayi kuti ndilibe choulula."

"Akuti alibe choulula."

"Ndamva, sindine gonthi! Auzeni kuti ndinaika kale mwana m'manda chifukwa cha mwamuna wokana chonchi. Wachiwiri sindiika."

Onse ankadziwa za Yohana, mwana wachiwiri wa a Magadalena, amene anamwalira ali ndi miyezi isanu ndi itatu, bambo ake atangobwera kumene kuchokera ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Zaka makumi atatu zinali zitapita, koma a Magadalena ankamuperekerabe Misa chaka ndi chaka.

A Anselmo, munthu wosakonda phokoso, anagamula chapakati. Vinsenti achoke m'nyumba, azikagona kudimba. Asamugwire mwana, asamuyandikire. Mwanayo azimwa mankhwala a mizu amene a Magadalena akatenge. Sikelo ya Julayi ndiyo idzaweruze. Mzere ukadzapanda kukwera, ndiye kuti mankhwala akukanika chifukwa mkamwini akubisa mlandu, ndipo adzalongedze abwerere ku Kasina, mkazi ndi mwana atsale.

Jestina ankaloledwa kumupititsira chakudya mwamuna wake, bola akachisiye m'mphepete mwa dimba. Tsiku lachitatu anamupeza ataphika kachewere m'kapoto, akudya yekha. Anaima patali monga analamulidwira, n'kumacheza naye. Pilira ali kumsana anasuzumira paphewa la mayi ake. Dzanja la bambo ake likamapita kukamwa, naye kakamwa kake kankayasama, malovu ali chuchuchu.

"Tamuonani mwanayu," anatero Vinsenti. "Akundiwerengera zolowa m'kamwa."

"Tembenukirani uko, musamulakalalitse."

"Amake Pilira, ndikufunseni chinthu chimodzi. Inuyo, mumtima mwanu, mukukhulupirira kuti ndinachita zimenezi?"

Jestina analumpha ngalande ya m'mphepete mwa dimba, kumasula chitenje, n'kumupereka mwana.

"Ndikuuzeni zoona, agogo," anandiuza Jestina. "Mumtima ndinkati, ngati bamboyu akunama, ndamupha ndekha mwana wanga."

Vinsenti anasamba m'manja, anaponda kachewere ndi supuni mpaka anafewa, n'kumukhazika mwana tsonga pantchafu. Sanamukakamize. Anangoika supuni pafupi ndi milomo n'kudikira. Pilira anayang'ana supuniyo, anayang'ana bambo ake, anatulutsa kalilime n'kulawa. Anakwinya nkhope ngati walawa ndimu. Kenaka anagwira supuni ndi timanja tonse tiwiri n'kuikokera kukamwa. Tsiku limenelo anadya masupuni atatu. Atatu okha, koma osalira, osabweza.

Kuyambira pamenepo Jestina anasanduka mkazi wa maulendo. M'mawa akuti akukachapa matewera kumtsinje, masana akukapereka chakudya, dzuwa likapendeka akukathyola mpiru. M'chitenje ankabisa kaufa ka mgaiwa ndi kansinjiro, tsiku lina dzungu, tsiku lina nthochi yakupsa, tsiku lina usipa wosinja. Kangapo anabisa dzira, limene likanadziwika kumudzi likanakhala mlandu wachiwiri, chifukwa kumeneko mwana wamng'ono sadya mazira. Vinsenti ndiye ankaphika. Mwana akadya, mayi ake ankamuyamwitsa, n'kumupukuta pakamwa bwinobwino kuti pasatsale umboni.

"Nanga mankhwala a mizu aja?" ndinafunsa.

"Ndinawapempha amayi kuti ndizimumwetsa ndekha," anatero Jestina, akuyang'ana pansi. "Ikumwa ndi nthochi ya kuseri kwa bafa."

Phala la pachikhato lokha ndilo analephera kulizemba. Kamodzi patsiku, mbale yobiriwira ija inkatulukabe, Pilira n'kukuwa mpaka nkhuku kuthawa pakhomo.

Tsiku limene ndinawapezalo linali phala la mgaiwa ndi dzungu. Ndinaona ndi maso angawa. Vinsenti ankayamba walawa yekha, n'kunena kuti "Mmm!" atatong'ola maso ngati wadya nyama ya pa Khirisimasi. Mwana ankaseka, kuyasama, kumeza, kenaka n'kumenya m'mbale ndi kadzanja, phala kuthothokera pa malaya a bambo ake. Akatembenuza nkhope, Vinsenti ankaimitsa supuni m'malere n'kumacheza nane za mtengo wa feteleza ndi chiwawu cha kachewere, mpaka mwana yekha atabwereranso.

"Ndiye akangokwera pa sikelo, nkhani yatha?" ndinafunsa.

"Yatha," anatero Vinsenti. "Ndikabwerera m'nyumba mwanga. Kuno usiku chisanu chimachita kukufunsa dzina."

Kumudziko ndinamata zidebe masiku awiri, pakamwa panga nditatseka. Kenaka miyendo inandinyamula, ndinakazungulira ku Boma ndi midzi ya kumalire. Koma nkhani yopanda mathero imandiyabwa ngati chitedze, choncho tsiku la sikelo ya Julayi linandipeza ndabwerera.

Sikelo inkachitikira pansi pa mtengo wa bulugamu, pafupi ndi katchalitchi ka m'mudzimo. Mlangizi wa zaumoyo, mayi wachitsikana dzina lake Kristina, anafika panjinga, n'kumangirira sikelo panthambi. Amayi analipo ngati makumi anayi, atakhala pa udzu wouma, ana ali m'manja, aliyense atavala juzi ndi chipewa chaubweya. Amuna kumalo kumeneko safikako. Ndiye a Anselmo atatulukira atanyamula kampando kawo, amayi sanawasiye.

"A Anselmo, mwabwera kudzakwera sikelo?"

"Nthambi ithyoka imeneyo!"

"Kabuku kanu kali kuti, tione ngati munabayitsa wa chikuku?"

"Ine ndinakwera kale sikelo inu musanabadwe," anayankha a Anselmo akukhala pansi. "Ndipo ndinkalemera kuposa amuna anu onse."

Vinsenti anaima patali, atatsamira khoma la tchalitchi, chipewa chili kumutu. Palibe amene anamuseka iyeyo. Amayi ankangomuba ndi maso n'kumakandana. A Magadalena anakhala kutsogolo, msana atalozetsa kumene kunali mkamwini wawo, korona yopempherera ili m'manja.

Ana anakwera mmodzimmodzi. Itafika nthawi ya Pilira, Jestina anamuvula juzi, kumukulunga m'chitenje, n'kukoleka mfundo ya chitenjecho pa ngowe ya sikelo. Mwana analendewera akupalasa miyendo. Kristina anayang'ana muvi, anayang'ana m'kabuku, anayang'ananso muvi.

"Mutsitseni. Mukwezeninso."

Jestina anamukwezanso.

"Mayi, mwamuchita chiyani mwanayu?"

"Bwanji, alangizi?"

"Wakwera. Magalamu mazana asanu ndi limodzi, mwezi umodzi wokha. Taonani mzere wake, wadzuka ngati chimanga chothira feteleza."

Nthungululu zinamveka. Mayi wina anamutsina Pilira patsaya, nati kathumba kathu kayambanso kudzaza. Kukhoma kuja Vinsenti anavula chipewa, nkhope yonse ili mano okhaokha, n'kuyamba kuyenda kubwera kumtengo.

A Magadalena anaimirira.

"Achimwene, auzeni akamwini aime pomwepo."

Vinsenti anaima.

"Mwaona nokha, anthuni. Miyezi iwiri munthuyu anali m'nyumba, mwana ankafota. Mwezi umodzi wokha tamuchotsa, mwana wadzuka. Mukufuna umboni wina wotani? Auzeni alongedze lero lomwe, asanalowenso m'nyumba kudzatimalizira mwana."

"Koma alongo," anatero a Anselmo akukanda kumutu, "tinagwirizana kuti mzere ukakwera..."

"Tinagwirizana tisanaone. Tsopano taona."

Amayi anayamba kung'ung'udza, ndipo ambiri ankagwedeza mitu movomereza. Zinali zomveka ndithu. Wina kumbuyo anati, "Eee, amuna a pa lole!" Kristina anayesa kunena kuti tsempho silili m'buku lake, koma mawu ake anamira m'phokoso. A Anselmo ankangoyang'ana nsapato zawo.

Ndinamuyang'ana Vinsenti. Mzere ukanatsika wolakwa ndi iye, wakwera wolakwa ndi iye yemwe. Mawu omupulumutsa anali nawo pakamwa, koma kuwatulutsa kunali kumuika mkazi wake pamoto pamaso pa mudzi wonse: mwana wonamiza mayi ake omubala, wophwanya chigamulo cha malume ake. Anavala chipewa chake n'kutembenuka.

"Abambo a Pilira, musapite."

Anali Jestina. Anagwada pamaso pa amayi ake, mwana ali pachifuwa.

"Amayi, mundikhululukire. Mwana uyu bambo ake amugwira tsiku lililonse."

"Ukuti chiyani?"

"Kuyambira tsiku lachitatu. Katatu patsiku, kudimba. Amamukhazika pantchafu n'kumudyetsa okha ndi manja awo. Phala la mgaiwa, la nsinjiro. Kuchapa konse kuja, mpiru wonse uja, ndinkapita kumeneko. Akanakhala otentha monga mukunenera, bwenzi lero tili kumanda."

"Nanga mankhwala anga?"

"Yamwa ndi nthochi ya kuseri kwa bafa."

"N'chifukwa chake yabereka mkoko waukulu chonchija!" anakuwa mayi wina. Phwete linaphulika, koma linazima msanga, chifukwa nkhope ya a Magadalena sinali yoseketsa.

"Ukunama," anatero motsitsa mawu. "Ukufuna kupulumutsa mwamuna wako. Mwana amene amandikana ine, wobereka asanu ndi atatu, akadye m'manja mwa mwamuna? Mwamuna amadziwa pamene pali kamwa la mwana?"

Jestina anapisa dzanja m'dengu lake n'kutulutsa kabakuli kokulunga m'nsalu. Linali phala la m'mawa umenewo, likadali lofunda. Anali atakonza zoti akachoka kusikelo adutsire kudimba monga mwa masiku onse.

"Bwera nalo kuno," anatero a Magadalena. "Bwera naye mwanayo."

Anamugoneka Pilira chagada pamiyendo, n'kupinda chikhato pakamwa pake. Mwana anangoona dzanjalo likubwera, n'kuumitsa thupi, kukuwa mpaka mbalame kuthawa mubulugamu. A Magadalena anapendeketsa bakuli kuti athire. Phala silinatsike.

"Phala lanji ili losathirika? Mukumudyetsa dothi lomangira nyumba?"

Pilira anapotoza mutu uku ndi uku, maso ake n'kugwera pa bambo ake. Anatambasula timanja tonse tiwiri, kulira kwake n'kusintha. Mayi aliyense pamalopo anakumva kusinthako. Sikunalinso kulira kwa mantha, kunali kulira koitana.

A Anselmo anadzuka pakampando kawo. "Akamwini, tabwerani."

Vinsenti anayandikira, koma anaima patali pang'ono, maso ali pansi. Mkamwini sangalandire kanthu m'manja mwa apongozi ake. A Anselmo anayang'ana uku, anayang'ana uko, nati, "Mawu amadutsa mwa ine, ndiye mwananso adutse mwa ine. Alongo, ndipatseni." A Magadalena anazengereza, kenaka anamupereka. A Anselmo anamunyamula mwanayo ngati lichero la mazira, masitepe asanu, n'kumutula m'manja mwa bambo ake.

Vinsenti anakhala pansi pafumbi, n'kumukhazika Pilira tsonga pantchafu. Anapisa m'thumba la malaya, m'mene anthu ena amaikamo cholembera, n'kutulutsa kasupuni kaja. Kristina anamuthirira madzi a m'botolo lake, anasamba m'manja, anatsuka supuni. Anatapa phala pang'ono n'kuliika pafupi ndi milomo ya mwana.

Pilira anatembenuza nkhope. Anali akadasisima, misozi ili m'masaya.

"Mwaona?" anatero a Magadalena.

Vinsenti anangoimitsa supuni m'malere. Amayi makumi anayi, maso onse pa kasupuni kamodzi. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwake, m'chisanu cha Julayi. Anamupukuta mwana misozi ndi chala chachikulu, n'kumusisita kumsana. Anayesanso. Pilira anaikankha supuniyo, phala n'kugwera pa bondo la bambo ake.

"Mutsekeni mphuno, ayasama yekha," analangiza mayi wina.

"Musiyeni," anatero Jestina.

Vinsenti anatapanso. Ulendo uno supuni anailowetsa m'kamwa mwake, pamaso pa apongozi ake, pamaso pa mudzi wonse, n'kutong'ola maso.

"Mmm!"

Pilira anasiya kusisima. Anamuyang'ana.

"Mmm! Amalume, phala ili musalawe, mungasamukire kudimba."

Mwana anaseka kamodzi, kaseko konyowa ndi mamina. Vinsenti anapukuta supuni, anatapa, anadikira. Kakamwa kanayasama.

"Imodzi," ananong'ona mayi wina kumbuyo.

Kanayasamanso.

"Awiri!"

Pofika pa asanu amayi onse ankawerengera limodzi mokweza ngati ana a sukulu. Pa asanu ndi atatu Pilira anamulanda supuni bambo ake n'kuyamba kumenya nayo bakuli. Pa khumi ndi awiri anatembenuza nkhope, n'kugeya mwamphamvu ngati mkulu wa mpingo atachoka paukwati.

"Wakhuta," anatero Vinsenti, n'kutseka bakuli ngakhale phala linatsalamo. "Akakana, ndiye kuti wakhuta."

Anthu ankaseka, ena akuomba m'manja, koma a Magadalena sankaseka. Anali atakhala pansi, akuyang'ana chikhato chawo chakumanja ngati achiona koyamba. Kristina anapita kukakhala pambali pawo. Ine ndinali pafupi, ndiye ndinamva.

"Yohana wanga ndinkamupatsa phala lomwe lija," anatero a Magadalena. "Lamadzi. Pachikhato pano. Nayenso ankakuwa chonchi."

"Munamupatsa chimene munaphunzitsidwa, amayi," anayankha Kristina. "Chimene chinamutenga palibe angachidziwe lero. Koma uyu ali pano, ndipo ali ndi njala ya mawa."

A Magadalena anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Amayi ena anayamba kubereka ana awo kuti azipita. Kenaka a Magadalena anaitana.

"Achimwene."

"Ndili pano, alongo."

"Afunseni akamwini. Nsinjirozo amathira zochuluka bwanji?"

A Anselmo anatembenuka, nkhope ili yolemera ngati ya woweruza. "Akuti nsinjiro mumathira zochuluka bwanji?"

"Amalume, auzeni amayi kuti supuni imodzi yodzaza, phala likatsala pang'ono kupsa. Koma chachikulu si nsinjiro. Chachikulu n'kudikira."

"Akuti chachikulu n'kudikira."

"Ndamva. Kudikira ndidikira ine, wokhala ndi mbuzi zisanu ndi munda wa nyemba?" Anadzuka n'kukutumula fumbi pachitenje. Anayenda pang'ono, n'kuima osatembenuka. "Auzeninso kuti kudimbako kukuzizira. Angadwale chibayo, tisowe wotiphikira phala. Akatenge bulangete lawo abwere nalo kunyumba."

"Akuti..."

"Ndamva, amalume," anatero Vinsenti. "Auzeni amayi kuti zikomo."

"Ndipo iwe Jesi," anawonjezera a Magadalena, "nthochi ija ikapsa usadyeko. Ndi ya ine ndi mdzukulu wanga. Mankhwala anga ndiwo ali m'menemo."

M'mawa mwake ndinanyamula thumba langa kuti ndizipita, njira yanga n'kudutsa pakhomo pawo. Bulangete la Vinsenti linali litayanikidwa pa chingwe, likununkha utsi wa kudimba. Mbale yobiriwira ija inali pansi pafupi ndi khola, anapiye akumweramo madzi.

Pakhonde, padzuwa, panakhala a Magadalena, Pilira ali tsonga pamiyendo pawo. Supuni inali m'malere. Mwana ankayang'ana dzanja lawo mokayika, thupi ataumitsa pang'ono, wokonzeka kukuwa.

"Fulumira iwe, mbuzi zikundidikira," ankang'ung'udza a Magadalena. Koma dzanja silinasunthe.

Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, ngati pali amene akuwaona. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikumanga lamba wa nsapato. Analowetsa supuni m'kamwa mwawo mwachangu, n'kutong'ola maso.

"Mmm," anatero, motsitsa kwambiri.

Pilira anapendeketsa mutu, anawayang'anitsitsa agogo akewo, kenaka anatambasula kadzanja n'kugwira supuni.